Matayala a pikapu osasokosa: H/T, A/T, M/T kapena a C pa misewu ya kunyanja?

Pikapu zambiri zimene timayendera kuno, kaya ndi Toyota Hilux, Isuzu D-Max, Ford Ranger kapena Nissan Hardbody, kumbuyo kwake kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Anawapangira katundu wa pafupifupi tani imodzi. Ndiye galimoto ikakhala yopanda kanthu, masipuling'iwo sagonja, ndipo kadzenje kalikonse kamafika pamsana pa amene wakhala mkati. Pamenepo mwini galimoto alibe zambiri zoti n'kuchita. Chimene chili m'manja mwake ndi matayala, ndipo mpata wake umabwera kamodzi pa zaka zingapo, akale aja akatha. Mukasankha molakwika mukhala nalo phokosolo mpaka nawonso athe, poti palibe amene angataye matayala anayi atsopano ndi mitengo ya masiku ano. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, tayala la pikapu lasanduka chinthu choti munthu ayambe wakhala pansi asanatulutse ndalama.

Ife a ku Salima ndi ku Nkhotakota vuto lathu ndi loti galimoto imodzi yomweyo imaponda misewu yosiyana kwambiri m'sabata imodzi. Lolemba ili pa M14, kukwera zitunda za ku Mvera kupita ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 a tala yekhayekha. Lachitatu ili pa M5, kudutsa ku Benga ndi ku Chia mpaka ku Dwangwa, kumene malo ena tala ndi wopapatiza, m'mbali modyeka, moti mukakumana ndi lole mumatsitsa matayala awiri pansi. Loweruka yatsikira kudoko kukatenga usipa mumchenga, kapena yalowa kumunda kukanyamula mpunga m'makande aja amene mvula ikagwa amamatirira osachoka. Tayala lopambana ponseponse kulibe. Musanafunse za dzina la kampani, werengani kaye: pa makilomita 100 alionse amene galimoto yanu imayenda, ndi angati amene ali pa tala? Ambirife tikawerenga moona mtima timapeza kuti a pa tala ndi ochuluka zedi, kungoti m'mutu mumangozungulira tsiku limodzi lija tinatitimira anthu n'kutikankha.

Phokosolo limachokera pati

Pa liwiro lochepa mumamva injini. Mukayamba kuthamanga pa tala, matayala ndi amene amalamulira. Dzino lililonse la tayala limamenya msewu likamafika pansi, kenaka n'kumasuka likamanyamuka, ndipo mpweya umene wapanikizika m'ngalande za pakati pa manowo umatuluka mwamphamvu. Mano akakhala akuluakulu, otalikirana, ngalande zake zotseguka mpaka m'mphepete, kumenyako kumakula ndipo phokoso limatulukira m'mbali mosatsekereza. Mano akakhala ang'onoang'ono, oyandikana, ndi mizere yopitirira mozungulira tayala lonse, tayala limagubuduka mosalala.

Opanga matayala ali ndi kanzeru kamene mungakaone ndi maso pa sitolo pomwepo. Tsatirani mano a m'mphepete mozungulira, muona kuti si ofanana kukula: lina lalitali, lina lalifupi, lina lapakatikati. Amatero dala, kuti phokoso lisamangolira mawu amodzi obwerezabwereza amene amaboola khutu, koma limwazike. Tayala limene mano ake onse ndi ofanana, ondondozana bwinobwino, limaoneka laukhondo koma pa msewu limaimba.

Kufewa kwa kayendedwe ndi nkhani ina, ndipo anthu amasokoneza ziwirizi. Phokoso ndi la mano. Kufewa ndi kwa khoma la tayala, mbali ija ya pakati pa rimu ndi mano, komanso mpweya umene mwapopa. Tayala likhoza kukhala lachete koma logunda, kapena lofewa koma lolira. Chimene tikufuna ndi zonse ziwiri.

H/T, tayala la pa tala

Pa nkhani ya bata, H/T (Highway Terrain) palibe wolipikisana nalo. Awa ndi monga Bridgestone Dueler H/T 684 II, Yokohama Geolandar H/T G056 ndi ena a mtundu umenewo. Mano ake ndi oyandikana, ali ndi timing'alu tambirimbiri timene timagwira msewu wonyowa, ndipo tayala lonse limakhala lopepukirapo poyerekeza ndi a kutchire. Kupepukako kumathandiza mashoko kugwira bwino ntchito, komanso dizilo sapita wambiri. Potsika zitunda za M14 mvula ili mkati, tayala limene limaima msanga mukaponda mabuleki ndi limeneli.

Kumene limagonja n'kodziwikiratu. M'makande, ngalande zake zazing'ono zimadzaza matope nthawi yomweyo, tayala n'kusalala, n'kumangozungulira pamodzimodzi. Pa msewu wa miyala yakuthwa, labala wake amabenthuka timabenthu. Ndipo khoma lake silinapangidwire kuti lizikhula m'mphepete mwa tala wodyeka. Tayala likang'ambika pakhoma silimatidwa ayi, ngakhale anyamata omata matayala atakulimbitsani mtima bwanji. Koma mumchenga wa ku Senga Bay H/T silichita manyazi monga mmene anthu amaganizira. Mchenga sufuna mano okumba, umafuna tayala loyandama pamwamba, ndipo H/T lophwetsedwa pang'ono limadutsa pamene la mano akuluakulu ladzikumbira dzenje.

Ngati pikapu yanu ndi ya kuntchito, kutchalitchi, kusukulu kwa ana ndi ku Lilongwe, ndipo msewu wa fumbi mumauponda nyengo yachilimwe yokha, gulani H/T mupume. Musachite nazo manyazi zoti galimoto sikuoneka yoopsa.

A/T lofatsa

Apa ndi pamene pali nkhani, chifukwa zilembo ziwiri za A/T (All-Terrain, tayala la pa tala ndi kutchire komwe) zimaphimba matayala osiyana kotheratu. Pali A/T limene mtima wake uli pa tala koma lili ndi mphamvu pang'ono za kutchire, ndiye pali A/T limene mtima wake uli kutchire koma limalolera kuyenda pa tala. Wogulitsa onsewa amangowatcha A/T.

A gulu loyambalo ndi monga Dunlop Grandtrek AT25, Michelin LTX Trail, Pirelli Scorpion ATR ndi Yokohama Geolandar A/T G015. General Grabber AT3 ndi Dunlop Grandtrek AT3G ali cha kutsogolo pang'ono, mano ake ndi okulirapo. Powazindikira musadalire dzina lokha. Yang'anani pakati pa tayala: ngati mano apakati ndi olumikizana kapena oyandikana kwambiri moti akupanga ngati mzere umodzi wozungulira, limenelo ndi lofatsa. Yang'ananinso m'mphepete: ngalande zikakhala zopapatiza moti chala chanu chachikulu sichilowa, phokoso lake likhala lochepa. Ngalande zoti chala chikulowa momasuka, ndi mano otsikira mpaka pakhoma, dziwani kuti mudzalimva.

Kusiyana kwa phokoso pakati pa A/T lofatsa ndi H/T kulipo, koma mu pikapu ya dizilo, mazenera atatsekedwa, anthu ambiri sakuzindikira. Komanso tala wathu wambiri ndi uja wa timiyala tomata pamwamba, amene amasokosa yekha ndi tayala lililonse, ndiye phindu la H/T lachete kwambiri limachepa pa msewu wotere. Chimene mumapata ndi A/T lofatsa ndi mano ozamirapo, labala wopirira miyala, ndi kukhazikika mtima mukapatukira pa msewu wa fumbi pamene akukonza tala. M'matope a tsiku limodzi limakutulutsani, makamaka galimoto ikakhala ya 4x4. M'makande enieni a mwezi wa February nalonso limadzaza, musanamizidwe.

Kwa ine, munthu wa kuno amene ali ndi pikapu imodzi yochita zonse, tayala lake ndi limeneli. Koma pali chinthu chimodzi choti muonetsetse, ndipo n'chimene chimasiyanitsa galimoto yofewa ndi yogunda: kutsogolo kwa nambala ya sayizi kusakhale zilembo za LT (Light Truck, tayala lolimba lonyamula katundu wolemera), pokhapokha ngati mukuzifunadi.

A/T lolimba, la LT

BFGoodrich All-Terrain T/A KO2 ndi tayala limene amuna ambiri amalisirira, ndipo sakulakwa: ndi lolimba, khoma lake ndi lochindikala, minga ya mthethe ndi zitsa za kumunda siziliboola wamba. Koma taonani manambala. Hilux ya double cab ya sayizi 265/65R17 imafuna tayala la nambala ya katundu 112, kutanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi. Awiri akumbuyo ndiye 2,240, zimene n'zokwanira pa katundu yense amene galimotoyo inaloledwa kunyamula. KO2 la sayizi yomweyo ndi LT265/65R17 la nambala 120, makilogalamu 1,400 pa tayala. Mphamvu yoonjezerayo simunaipemphe, koma mumailipira ndi msana. Khoma lochindikala silipindika msanga pa dzenje, ndiye kugunda kuja kumapitirira kufika m'galimoto. Tayalalo ndi lolemeranso, mashoko amavutika kuligwira likamadumpha, ndipo dizilo amatsika msanga.

Ena amati aziliphwetsa kuti lifewe. Pa tala zimenezo n'zoopsa. Tayala la LT limafuna mpweya wochulukirapo kuposa la wamba kuti linyamule katundu wofanana, ndipo likayenda lophwa limatentha mkati. Ndi dzuwa la October la kuno kunyanja, tala atatentha, tayala lotentha mkati ndi limene limaphulika.

Nanga ndani ayenera kuligula? Amene galimoto yake imagona kumunda: wa nzimbe ku Dwangwa, wogula mbewu m'midzi ya kutali ndi tala, amene amanyamula katundu wodzaza pa miyala sabata ndi sabata. Kwa ameneyo, tayala limodzi long'ambika pakati pa tchire ndi lodula kuposa kugunda konse, ndipo popeza galimoto yake nthawi zambiri imakhala yolemedwa, kulimbako sakumva kwenikweni. Likakhala latsopano phokoso lake n'lopiririka. Limayamba kukula mano akafika pakati, makamaka ngati simukuwasinthanitsa.

M/T

Sindichedwapo. Tayala la matope, monga BFGoodrich Mud-Terrain KM3, ndi lokhalo limene limadzikutumula matope m'makande, ndipo ngati mumadutsa m'dambo tsiku ndi tsiku nyengo ya dzinja, palibe lina. Koma pa tala limalira ngati chigayo, kuyambira pa Kaphatenga mpaka pa boma la Nkhotakota osapuma, limanjenjemeretsa galimoto mukamayenda pang'onopang'ono, ndipo pa tala wonyowa limachedwa kuima chifukwa labala wokhudza msewu ndi wochepa. Ambiri amene ndimawaona nalo m'tauni analigulira maonekedwe. Amene akufuna bata alidutse.

Matayala a C pa single cab

Pikapu za ntchito, single cab zija zonyamula makala, nsomba, simenti ngakhale anthu pa matola, zambiri zimavala matayala monga 195R14C, 195R15C kapena 205R16C. Chilembo cha C chikusonyeza tayala la galimoto zamalonda. Pa 195R14C mupeza manambala 106/104: yoyambayo ndi makilogalamu 950 tayala likakhala lokha, yachiwiriyo ndi 900 matayala akamangidwa awiriawiri. Kawirikawiri palembedwanso 8PR, chizindikiro cha kulimba kwa tayalalo. Ndi matayala opapatiza a khoma lolimba, ndipo galimoto ikakhala yopanda katundu amadumphitsa.

Chiyeso chimene chimabwera apa ndi choika tayala la galimoto yaing'ono lokwana pa rimu yomweyo, poti ndi lofewa komanso lotsika mtengo. Musayese. Matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, ndipo pafupifupi yonse imakhala pa matayala awiri akumbuyo. Lamulo losavuta ndi loti nambala ya katundu ya tayala latsopano isatsike kuposa imene wopanga galimoto analemba. Mkati mwa gulu la C momwemo muli kusankha: tengani la mizere yopitirira, la mtundu umene maminibasi amavala, osati la mano a zidutswazidutswa. Ndi lachete ndithu, ndipo limakhalitsa pa tala. Kufewa kwake mukupeza pa mpweya, nkhani imene ndifikapo.

Rimu yaikulu, msana wowawa

Nambala yachiwiri pa sayizi ndi imene imanena za kufewa. Pa 265/65R17, 265 ndi kukula kwa tayala m'mamilimita, 65 ndi kutalika kwa khoma monga peresenti ya 265, ndipo 17 ndi rimu m'mainchesi. Khoma lake ndi pafupifupi mamilimita 172. Pa 265/60R18 khoma ndi 159. Pa 265/70R16 ndi pafupifupi 186. Matayala atatuwa akaimikidwa pamodzi ndi otalika pafupifupi chimodzimodzi, kungoti pamene rimu yakula, labala ndi mpweya zachepa. Ndiye amene wagula double cab ya marimu a 18 n'kumadandaula kugunda, mbali ina ya yankho ili pa rimupo. Kutsikira ku 17 kumathandiza, ndipo pa dzenje la M5 rimu imapulumuka chifukwa pali khoma lokwanira loti lipindike. Kutsikira ku 16 kumatheka pa galimoto zina zokha, chifukwa pa zina rimu yaing'ono imakhula mabuleki akutsogolo, choncho ayambe ayesa rimu imodzi musanagule zonse.

Aja amaika marimu a 20 pa pikapu, ndi katayala kopyapyala pamwamba, ku Area 47 mwina zimawayendera. Kuno ndi kutaya ndalama. Kukulitsanso tayala kupyola sayizi yake, kuti galimoto ikwere m'mwamba, kumaonjezera phokoso, kumanamiza sipidomita, ndipo tayala limakhula bodi mukakhota mwamphamvu.

Za kaunjika ndi za ku Japan

Matayala ogwiritsidwa kale ntchito ali ponseponse, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Koma kwa munthu wofuna bata ndi malonda oika moyo pa chiswe. Tayala limatengera matenda a galimoto imene linachokako. Ngati inali ndi mashoko akutha, mano ake amakhala odyeka mokwera ndi motsika, ndipo kulira kwake sikudzatha ngakhale mutaliika pa galimoto yabwino. Yendetsani chikhatho pamwamba pa mano mozungulira, kupita kutsogolo kenaka kubwerera. Mukamva mano akukola dzanja mbali imodzi, kapena malo ena okwera ena olowa, lisiyeni. Suzumirani mkati muwerenge zigamba.

Kenaka funani tsiku lobadwa. Pakhoma pali zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka. 2322 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Labala akakalamba amauma, ndipo tayala louma limasokosa, limagunda, limaterera pa mvula, ngakhale mano ataoneka athunthu. Opanga ambiri amati tayala likadutsa zaka 5 liziyang'anitsitsidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe basi. Kutentha kwa kuno kumafulumizitsa ukalambawo. Manambalawa muziwaona ngakhale pa tayala latsopano, poti lina limakhala litagona zaka m'sitolo.

Pali msampha wina umene umagwira ambiri. Matayala obwera ndi galimoto zochokera ku Japan, ndi a kaunjika ochokera komweko, nthawi zina amakhala a nyengo ya chipale chofewa. Amalembedwa STUDLESS, kapena mayina monga Blizzak, iceGUARD, Winter Maxx ndi X-Ice. Mano ake amakhala ozama, odzaza timing'alu tokhotakhota, ndipo ukawakanikiza ndi chala ndi ofewa. Wogulitsa amakuuzani kuti, "Onani mano awa bwana, ngati atsopano." Poyamba amayendadi mofewa. Koma labala wake anapangidwira kozizira kwambiri. Pa tala wotentha wa ku Salima amadyeka msangamsanga, galimoto imayendayenda pokhota, ndipo mabuleki amatalika. Limenelo si tayala la kuno.

Bola tayala latsopano lotsika mtengo kusiyana ndi la dzina lalikulu lokalamba. Linglong, Triangle, Sailun ndi ena a ku China ali ndi ma H/T ndi ma A/T a sayizi za pikapu, ndipo H/T lawo latsopano ndi lachete kuposa A/T lakutha la kampani iliyonse. Kumene matayala odula amaonetsera mtengo wawo ndi pa mabuleki a pa mvula komanso pa ukalamba, pamene otchipa ambiri amayamba kulira mano asanathe. Pakati pa magulu awiriwa pali monga Maxxis, Hankook ndi Kumho. Matayala ena a Dunlop, Bridgestone ndi Continental amene amafika kuno amapangidwa ku South Africa, ku Ladysmith, Brits ndi Gqeberha, ndipo ubwino wake ndi woti limodzi likaphulika, lofanana nalo silivuta kupeza ku Lilongwe. Mfundo imeneyi musaipeputse. Tayala lachilendo limene wogulitsa anabweretsa anayi okha lidzakusiyani ndi galimoto ya matayala osakaniza.

Kapepala ka ku Ulaya

Matayala ena atsopano amabwera ndi sitika ya European Union, imene inayamba mu 2012 n'kusinthidwa mu 2021. Pamenepo pali nambala ya phokoso m'ma dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) ndi chilembo A, B kapena C, komanso chilembo cha kagwiridwe ka msewu wonyowa. N'kothandiza poyerekeza matayala awiri a sayizi imodzi. Kusiyana kwa 1 dB khutu silikuona, koma kwa 3 dB n'kwenikweni. Ingokumbukirani kuti phokosolo amaliyeza ali kunja, galimoto ikudutsa pa liwiro la makilomita 80 pa ola injini itazimitsidwa, ndiye si ndendende chimene mumve muli mkati. Ine ndikaona sitikayo maso anga amathamangira kaye pa chilembo cha mvula.

Musanaimbe mlandu tayala

Pikapu zambiri zogunda zimene zili pa msewu vuto lake ndi mpweya. Mnyamata wopopa amaona galimoto yaikulu n'kuika mpweya wa 45 kapena 50 psi osafunsa, kapena amawerenga nambala ya pakhoma la tayala. Nambala imeneyo ndi malire a pamwamba, si mpweya woyendera. Woyenera walembedwa pa sitika ya pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo nthawi zambiri pamakhala manambala awiri: a galimoto yopanda katundu ndi a yodzaza. Pa double cab zambiri zopanda katundu amakhala cha m'ma 30 psi. Muuzeni bwinobwino kuti, "Achimwene, taonani kaye pachitsekopo." Mukanyamula katundu onjezerani kumbuyo, mukatsitsa phwetsaninso. Ndi ntchito yotopetsa pang'ono, koma kwa wa single cab ya matayala a C ndi pamene pagona kufewa konse. Yezani m'mawa galimoto isanayende, chifukwa tayala lotentha limaonetsa mpweya wokwera, ndipo mukaliphwetsa masana kuti lifanane ndi sitika, m'mawa mulipeza lili pansi. Kageji kanu kam'thumba n'kotchipa kuposa tayala.

Kulira kwinanso si kwa tayala n'komwe. Beringi yakutha imalira mofanana kwambiri ndi tayala la mano. Pa msewu wopanda anthu, yendetsani galimoto mokhotetsa pang'ono kumanzere ndi kumanja. Kulira kukamakula mbali imodzi n'kuchepa mbali inayo, ndi beringi. Kukamasintha malinga ndi mtundu wa tala, ndi tayala. Mashoko akutha ndi amene amadya mano mokwera ndi motsika muja, ndiye kuika matayala atsopano pa mashoko akufa ndi kuwapha msanga. Tsiku lomangitsa matayala chititsani balancing (kulinganiza kulemera kwa gudumu) ndi wheel alignment (kuwongola magudumu kuti aloze bwino) nthawi yomweyo, ndipo alignment muibwereze mukagunda dzenje lalikulu kapena mukaona chiwongolero chapendekeka.

Kusinthanitsa matayala, akutsogolo kumbuyo akumbuyo kutsogolo, pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse, ndi kumene kumasunga A/T kuti likhale lachete mpaka ukalamba. Chosavuta ndi kuchitira limodzi ndi kusintha oilo. Pa H/T mukaiwala kamodzi palibe chachikulu. Pa A/T mano a kutsogolo amayamba kudyeka mbali imodzi, ndipo akayamba kulira sabwereranso.

Ndalama zikakwana awiri okha, gulani awiri ofanana muwamange kumbuyo. Anthu ambiri amaika atsopano kutsogolo poganiza za chiwongolero, koma pikapu kumbuyo n'kopepuka, ndipo kukaterera pa mvula galimoto imazungulira, pamene kutsogolo kukaterera mumatha kuigwira. Pa ekiselo imodzi musasakanize H/T ndi A/T, ndipo pa 4x4 onse anayi akhale a sayizi imodzi. Sipeya ija yopachikidwa pansi pa bodi itsitseni muione, poti imakhala zaka ikumwa fumbi ndi matope, ndipo tcheni chake chimachita dzimbiri n'kukana kutsika tsiku limene mwachifuna. Mano akafika pa timizere topingasa tija ta mkati mwa ngalande, ndiye kuti atsala mamilimita 1.6, tayala latha, ndipo pa COF (poyezetsa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pa msewu) kapena pa rodibuloko likhoza kukupezetsani mlandu. Ndi mvula ya kuno ndi bwino kusintha lisanafike pamenepo.

Akamaliza kumanga, musanyamuke msanga. Pokhazika tayala pa rimu amapopa mpweya wambiri kuti likhale bwino, ndipo kawirikawiri amaiwala kuutsitsa, munthu n'kufika kunyumba akudandaula kuti matayala atsopano akugunda kuposa akale. Yezani onse anayi pomwepo. Onaninso ngati pakhoma pali muvi wosonyeza mbali yozungulira, kapena mawu oti OUTSIDE, ndipo ngati amangidwa motsatira. Mavavu akhale atsopano. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, monga kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima, imani mulimbitsenso manati a magudumu onse.